Mtambo ndi Makoko Aawisi

Lenia ankakhala m'munsi mwa phiri la Michesi. Anali ndi mbuzi yake. Mbuziyo inali yoyera mbee. Dzina lake linali Mtambo.

Lenia ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupatsa Mtambo chakudya chokoma. Osati udzu wouma. Osati mapesi ouma. Ankafuna chakudya chofewa, chokoma.

Mvula inali itasiya kalekale. Udzu unauma. Njira zinadzaza fumbi. Koma nandolo anali adakali m'minda. Nandolo sathamanga. Amakhwima mochedwa, mbewu zinzake zitalowa kale m'nyumba.

Nandolo akakhala m'minda, mbuzi zimakhala pa chingwe. Ndi mmene anthu amachitira kumeneko. Mbuzi ikamasuka, imalowa m'munda wa eni. Ikadya nandolo wa eni, umakhala mlandu.

Mtambo naye anali pa chingwe. Anam'mangirira pa mtengo wa mango. Ankazungulira mtengowo. Ankazungulira uku. Ankazungulira uko. Udzu wa pamenepo anaumaliza wonse. Panatsala dothi lokhalokha.

M'mawa abambo ankabwera ndi udzu wouma. Mtambo ankanunkhiza. Ankadya pang'ono. Kenako ankayang'ana kumbali.

Madzulo amayi ankabwera ndi makoko ouma a chinangwa. Mtambo ankakukuta pang'onopang'ono. Kenako ankayang'ananso kumbali.

"Amayi, Mtambo waonda," anatero Lenia.

"Waonda pang'ono," anatero amayi. "Nandolo akachoka m'minda, tidzam'masula."

"Liti?"

"Posachedwa."

Akuluakulu amawakonda mawu amenewa. Koma mwana akawamva, amadziwa kuti adikira mpaka atope.

Lenia akaweruka kusukulu, ankakhala pansi pa mango. Ankatsamira Mtambo. Onse awiri ankayang'ana phiri. Pamwamba pa phiri pankakhala mitambo. Inali mitambo yoyera, yonenepa. Lenia ankaiona ngati mbuzi. Iyi yagona. Iyo ikudumpha. Ina ikuyamwitsa mwana.

"Taona abale ako," ankatero Lenia. "Alibe chingwe. Akudya nkhungu. Taona mmene anenepera."

"Mee," ankayankha Mtambo.

Anthu amanena zambiri za phiri la Michesi. Amati munthu amatha kupeza nthochi zakupsa m'nkhalango. Amati zimangokhala pa mwala, zopanda mwini. Lenia ankaganiza za mbuzi. Kodi mbuzi ingapeze chiyani kumeneko? Mwina masamba a mame. Mwina udzu wofewa ngati thonje. Mwina maluwa onunkhira uchi.

Koma phiri linali kutali. Chingwe chinali chachifupi.

Tsiku lina Lenia anasunga theka la chitumbuwa. Anachibisa m'thumba la yunifolomu. Koma maso a amayi saphonya kanthu.

"Ukupita nacho kuti chitumbuwacho?" anafunsa amayi.

"Kwa Mtambo."

"Ayi. Idya wekha."

Lenia anadya yekha. Sichinam'komere.

Tsiku lina anafunsanso.

"Amayi, nanga siwiti?"

"Ayi."

"Nanga kanyenya?"

"Ayi."

"Nanga tiyi?"

Amayi anaseka. "Iwe, mawa udzati tim'gulire nsapato. Ayi."

Chilichonse ayi. Ayi, ayi, ayi. Lenia anatopa. Anasiya kufunsa.

Loweruka linali tsiku loyanika makaka. Abambo anakumba chinangwa m'mamawa. Anabwera nacho pa njinga. Amayi anakhala pa mphasa ndi mpeni. Iwo ankasenda. Lenia ankanyamula chinangwa chosenda. Ankachiika padzuwa kuti chiume.

Chinangwacho chinali chowawa. Chinangwa chowawa satafuna chachiwisi. Lenia ankadziwa zimenezo. Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa. Koma za makoko ake, Lenia sankadziwa.

Makoko anadzaza lichero. Anali ofewa. Anali onyowa. Anali ozizira bwino m'manja. Ankanunkha ngati dothi la mvula yoyamba.

"Tenga lichero ili," anatero amayi. "Ukayanike makokowa pa thandala. Pamwamba, wamva? Akauma, ndi a Mtambo."

"Ndamva, amayi."

Amayi anatenga ndowa. Anapita kumjigo. Abambo anabwerera kumunda. Pakhomo panatsala Lenia ndi Mtambo.

Lenia anasenza lichero. Anadutsa pafupi ndi mango. Mtambo anatukula mphuno. Anakoka chingwe.

"Mee," anatero Mtambo.

Lenia anaima. Anayang'ana makoko. Anayang'ana Mtambo. Anayamba kuganiza.

Makoko awa ndi a Mtambo kale. Amayi anena okha. Nanga kuwaumitsa n'kwa chiyani? Udzu wouma. Mapesi ouma. Makoko ouma. Zonse zouma. Lero adyeko zofewa.

Adikire amayi kuti afunse? Lenia ankaona ngati yankho akulidziwa kale. Yankho likhala ayi. Anaiwala kuti safunsa anadya phula.

Lenia anatula lichero. Anatapa makoko ndi dzanja. Mtambo anadya. Anatapanso ena. Mtambo anadyanso. Kamchira kake kankagwedera. Maso ake ankawala.

"Zofewa, eti?" anatero Lenia. "Zokoma, eti?"

Lenia anasangalala kwambiri. Makoko otsala anakawayanika pa thandala. Ankayanika akuimba.

Sipanapite nthawi yaitali. Lenia anabwerera pa mango. Mtambo anali ataima modabwitsa. Miyendo yake inkanjenjemera. Malovu ankatuluka pakamwa. Ankapuma wefuwefu.

Mtambo anayesa kuyenda. Anadzandira uku. Anadzandira uko. Kenako anagwa pansi.

"Mtambo, dzuka," anatero Lenia.

Mtambo sanadzuke.

"Mtambo, dzuka. Usasewere choncho."

Mtambo sanadzuke. Lenia anachita mantha kwambiri. Anathamanga kumjigo. Anathamanga osayang'ana minga.

"Amayi, Mtambo wagwa!"

Amayi anasiya ndowa pa mzere. Anathamanga limodzi ndi Lenia. Atafika, anagwada pambali pa Mtambo. Pafupi ndi mtengo panali khoko limodzi. Amayi analitola. Linali laliwisi.

"Lenia, wam'patsa makoko aja?"

"Eya, amayi."

"Ambiri?"

"Pang'ono. Otsala ndayanika."

Amayi sanakalipe. Nthawi yokalipa panalibe. Anamasula foni pa nsonga ya chitenje. Anaimbira a Magret, alangizi a ziweto.

Mwayi, a Magret anali m'mudzi woyandikana nawo. Anali kupereka katemera wa nkhuku. Anabwera pa njinga yamoto, fumbi lili kobo. Abambo nawo anafika kuchokera kumunda. Anamasula chingwe m'khosi mwa Mtambo. Anam'goneka pa chiguduli.

A Magret anatsegula chikwama chawo. Anayang'ana m'kamwa mwa Mtambo. Anamvetsera mtima wake. Anam'baya jekeseni. Mtambo analira pang'ono chabe.

Lenia anaima kumbuyo kwa amayi. Misozi inali mbwembwembwe.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero a Magret. "Ndiwe mwini wake wa mbuzi?"

"Eya."

"Tamvera. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Ndi amene amawawa m'kamwa uja. M'makoko ndiye ali wambiri. Dzuwa ndi limene limam'chotsa. N'chifukwa chake amayi ako amayanika makoko mpaka aume gwa."

"Ine ndimafuna adye zofewa," anatero Lenia.

"Ndikudziwa. Mwayi wake sanadye ambiri."

"Achira?"

A Magret sananame. "Sindikudziwa bwinobwino," anatero. "Lero apume. Mum'patse madzi oyera. Mawa ayenera kudya. Akadya, ndiye kuti wachira. Akakana kudya, mundiimbirenso msanga."

A Magret anakwera njinga yawo. Anapita.

Lenia anayang'ana manja ake. Anali akununkhabe makoko. Anawabisa kumbuyo.

"Sindidzam'patsanso kanthu," anatero Lenia. "Mpaka kalekale."

Masana amenewo kunatentha kwambiri. Lenia anakana kudya. Anakhala pansi pa mango. Sanatsamire Mtambo. Sanam'gwire n'komwe. Anangokhala pambali, manja ali kumbuyo.

Njiwa inkalira mu mtengo. Kamphepo kankagwedeza masamba. Maso a Lenia analemera. Tulo tinam'gwira.

Lenia analota mitambo ikutsika phiri. Inkatsika ndi njira ya otola nkhuni. Inali ndi miyendo. Inali ndi nyanga. Inkayenda osadzutsa fumbi. Inadutsa m'minda ya nandolo osadya tsamba. Inafika pa mango.

"Odi," inatero mitambo.

"Odini," anayankha Lenia.

"Tabwera kudzatenga m'bale wathu. Kwathu kulibe chingwe. Kwathu mimba sipweteka."

Mtambo anadzuka pa chiguduli. Anali wopepuka ngati nthenga. Anayamba kukwera m'mwamba. Anafika pa nthambi za mango. Anafika pa denga la nyumba. Ankakwerabe.

Lenia anafuna kum'gwira mwendo. Koma manja ake anali kumbuyo. Anakana kubwera kutsogolo.

"Mtambo, usapite," anatero Lenia. "Nditsala ndi ndani ine?"

Mtambo anacheuka. Anayang'ana mitambo. Anayang'ana Lenia. Anayang'ananso mitambo.

"Lenia. Lenia, dzuka."

Anali amayi. Ankam'gwedeza paphewa. Dzuwa linali litapendeka. Lenia anayang'ana pa chiguduli. Mtambo anali pomwepo. Ankapuma pang'onopang'ono. Sanapite.

Kutacha linali Lamulungu. Belu la kutchalitchi linalira. Koma pakhomo palibe anavala zakutchalitchi. Onse anali pa mango.

Mtambo anali atatukula mutu. Kunjenjemera kunali kutasiya. Koma anali chigonere.

Abambo anabwera ndi udzu wa kudambo. Unali wobiriwira. Anauika pamphuno pa Mtambo.

"Idya, Mtambo," anatero abambo.

Mtambo anayang'ana kumbali.

Amayi anabwera ndi madeya m'kambale. Anawaika pamphuno pa Mtambo.

"Idya, Mtambo," anatero amayi.

Mtambo anayang'ana kumbali.

Amayi anayang'ana abambo. Abambo anayang'ana pansi. Lenia anamvetsa zonse. Mawu a alangizi aja anali adakali m'mutu mwake. Mtambo ayenera kudya.

Lenia anali ataima patali, pafupi ndi khoma. Mtambo anatembenuza mutu. Anam'yang'ana.

"Mee," anatero, ndi mawu aang'ono.

"Akufuna iwe," anatero abambo.

"Ine ayi."

"Mbuzi imeneyi inazolowera dzanja lako, mwanangu."

"Dzanja langa ndi limene lam'dwalitsa," anatero Lenia. "Ndikuopa, abambo."

Amayi anapita kwa Lenia. Ananjuta pamaso pake.

"Tamvera, Lenia. Nanenso ndinalakwa. Ndinkangoti ayi, ayi. Sindinkakuuza chifukwa chake. Tiye kudimba. Lero funsa chilichonse. Ndikuyankha."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

Amayi anatenga dengu. Anauyamba ulendo wa kudimba. Abambo anatsala ndi Mtambo.

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mapeyala. Masamba ake anali aakulu, obiriwira.

"Nanga awa, amayi?" anafunsa Lenia.

"Amenewo ayi. Masamba a mapeyala amadwalitsa mbuzi. Amaifooketsa mtima."

"Koma akuoneka okoma."

"Eya, akuoneka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

Anapitirira. M'mbali mwa njira munali nsatsi.

"Nanga izi, amayi?"

"Ayi. Nsatsi ndi poizoni, makamaka njere zake."

Pa chitsamba panakodwa jumbo. Inkauluzika ndi mphepo. Lenia anaiyang'ana.

"Iyo sindifunsa," anatero Lenia. "Jumbo si chakudya."

"Iwe ukudziwa. Mbuzi sidziwa. Ikamva fungo la mchere, imameza. Jumbo ikalowa m'mimba, situluka. Itole."

Lenia anazengereza. Kenako anatulutsa dzanja limodzi. Anatola jumbo ija. Amayi anaiika m'chitenje kuti akaitaye kudzenje.

Anafika m'munda wawo wa nandolo. Nandolo anali wamtali kuposa Lenia. Mphepo ikawomba, ankachita phokoso ngati maseche. Masamba ake anali ofewa, aubweya pang'ono.

"Nanga awa, amayi?" anafunsa Lenia. Mawu ake anali apansipansi. Ankadikira ayi.

"Amenewo eya."

"Eya?"

"Eya. Masamba a nandolo ndi abwino kwa mbuzi. Amaipatsa mphamvu. Makoko ake nawonso ndi abwino. Tikamenya nandolo, onse ndi a Mtambo."

"Aawisi omwe?"

"Aawisi omwe. Bola akhale a m'munda wathu. Bola akhale osapopera mankhwala. Awa sitinapopere. Thyola."

Lenia anathyola kanthambi kamodzi. Anathyolanso kena. Anaika m'dengu.

Anatsikira kudimba. Kumeneko dothi linali lonyowa. Achule ankalira m'chitsime. Agulugufe ankatera pa matope. Kholowa anayanga paliponse.

"Nanga kholowa, amayi?"

"Eya. Amam'konda kwambiri."

"Nanga tsamba la nthochi?"

"Eya. Makoko a nthochi nawonso eya. Koma uziwatsuka."

"Nanga kadzungu aka?"

"Eya, koma uzikadula tizidutswa. Asatsamwe."

"Nanga tomato uyu?"

"Masamba a tomato ayi. Ndiponso ameneyu tinapopera dzana."

"Nanga madeya aja?"

"Madeya eya, koma pang'ono. Dzanja limodzi basi. Akadya ambiri, mimba imatupa. Akakhala a chuku, ayi. Chilichonse cha chuku, ayi."

Lenia anaganiza pang'ono.

"Nanga chitumbuwa, chifukwa chiyani munakana?"

"Chili ndi mafuta ndi shuga. Mimba ya mbuzi si mimba yako. Yake inapangidwira masamba."

"Nanga tiyi?"

Amayi anaseka. Lenia naye anamwetulira pang'ono. Kanali koyamba kumwetulira chidwalire Mtambo.

Dengu linadzaza. Munali masamba a nandolo. Munali kholowa. Munali tsamba la nthochi. Lenia analisenza yekha. Pobwerera sanayang'ane agulugufe. Ankayenda mofulumira.

Anapeza abambo atakhala pa mwala. Udzu uja unali pomwepo. Madeya aja anali pomwepo.

"Wadya?" anafunsa amayi.

Abambo anapukusa mutu.

Lenia anatula dengu. Anatenga kanthambi ka nandolo. Anakayang'ana uku. Anakayang'ana uko.

"Amayi, mwati eya?"

"Ndati eya."

"Sadwalanso?"

"Ndi masamba amenewo, ayi. Pita."

Lenia anagwada pa chiguduli. Anatambasula dzanja. Anasendeza masamba pamphuno pa Mtambo.

"Mtambo, ndine," anatero Lenia. "Pepa. Awa ndi abwino. Ndafunsa."

Mtambo ananunkhiza masamba. Ananunkhiza zala za Lenia. Ananunkhizanso masamba. Kenako anangokhala.

Onse ankayang'ana Mtambo.

Lenia sanabweze dzanja. Linatopa, koma sanalibweze.

"Idya, Mtambo," ananong'oneza. "Kamodzi kokha."

Milomo ya Mtambo inagwedera. Inagwira tsamba limodzi. Tsambalo linalowa m'kamwa. Mtambo anatafuna. Anatafuna pang'onopang'ono. Anameza.

Kenako anatenga tsamba lina. Kenako lina. Kanthambi kanatsala kopanda tsamba.

"M'patsenso," anatero abambo motsitsa mawu.

Lenia anatenga kholowa. Mtambo anadya. Lenia anang'amba tsamba la nthochi. Mtambo anadya. Lenia anabweretsa madzi oyera m'beseni. Mtambo anamwa.

Kenako Mtambo anapinda miyendo yakutsogolo. Anakweza yakumbuyo. Anagwedezeka pang'ono. Anaima.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anapukuta m'maso ndi chitenje. Anatenga foni.

"Alangizi, wadya," anatero amayi. "Eya, waimanso. Zikomo kwambiri."

Mtambo anayenda pang'ono. Analowetsa mutu wonse m'dengu.

"Basi, basi," anatero amayi. "Wodwala amadya pang'onopang'ono. Zinazo adya madzulo."

Abambo anakweza dengu pa thandala. Mtambo anayang'ana dengu. Anayang'ana abambo. Anadandaula mokweza ndithu.

"Mee!"

"Mwamva?" anatero abambo. "Wayamba kale mwano. Ameneyu wachira."

Onse anakhala pa mphasa pansi pa mango. Amayi anabweretsa mbatata yootcha. Lenia anamva njala yaikulu. Anadya ndi dzanja limodzi. Lina linali pa msana wa Mtambo.

Mtambo anatembenuka. Anafunafuna m'dzanja la Lenia. Munalibe tsamba. Munalibe kanthu. Koma Mtambo sanachoke. Anayamba kulinyambita dzanjalo. Linali dzanja lomwe lija.

"Amayi, akundinyambita," anatero Lenia. "Izi n'zabwino?"

"Eya, mwanangu," anatero amayi. "Zimenezo n'zabwino."